Kudziwa ng'ombe yokhwima msanga ndi yochedwa poyang'ana thupi lake

Ng'ombe ziwiri zikhoza kubadwa mwezi umodzi, kudya msipu wa dambo limodzi, n'kulowa m'khola lonenepetsera tsiku limodzi. Pakatha miyezi 4, ina imakhala itadzaza thupi lonse, nthiti zosaoneka, pamene inzake yangotalika n'kukula mafupa. Mwini wake amadandaula kuti madeya apita pachabe, mwinanso kuthamangira mankhwala a njoka zam'mimba. Nthawi zambiri ng'ombeyo siikudwala. Yoyambayo ndi yokhwima msanga, yachiwiriyo ndi yochedwa kukhwima, ndipo kusiyana kumeneku kunkaoneka pathupi tsiku lomwe ankazigula.

Aliyense amene anadzalapo chimanga cha Kanyani ndi cha Njobvu nkhaniyi akuidziwa. Kanyani amacha msanga ndipo amakupulumutsa mvula ikasiya msanga, ngakhale zokolola zake zimacheperapo. Njobvu amabereka zambiri, koma amafuna mvula yokhalitsa ndi feteleza wokwanira. Ng'ombe nazo zili chimodzimodzi. Palibe mtundu woipa, koma pali mtundu wosagwirizana ndi chakudya chimene inu muli nacho.

Tisanagwire ng'ombe, timvetse kaye mmene thupi lake limakulira. Katswiri wa ziweto John Hammond wa ku yunivesite ya Cambridge anafotokoza m'zaka za m'ma 1930 kuti ziwalo za chiweto sizikula zonse nthawi imodzi. Amayamba ndi mafupa, kenako mnofu, mafuta n'kubwera pomalizira. Mutu ndi miyendo yakumunsi zimakula msanga, pamene msana ndi m'chiuno zimadzaza mochedwa. N'chifukwa chake mwana wa ng'ombe wongobadwa kumene amaoneka wamiyendo yaitali ndi kathupi kochepa. Ng'ombe yokhwima msanga imadutsa m'magawo onsewa mofulumira n'kuyamba kusunga mafuta ikadali yaing'ono ndi yopepuka. Yochedwa imakhalitsa pa gawo la mafupa ndi mnofu, ndipo mafuta amabwera italemera kale kwambiri. Zonse zimene tiyang'ane m'munsimu zikuyankha funso limodzi: ng'ombe iyi, pa msinkhu wake, yafika pati paulendo umenewu?

Choyamba: dziwani zaka zake

Popanda kudziwa zaka, zina zonsezi ndi kungolota. Ng'ombe yaifupi ya miyezi 10 ndi ng'ombe yaifupi ya zaka 3 ndi nkhani ziwiri zosiyana. Ngati ndi ya m'khola mwanu, tsiku lobadwa mukhale mutalilemba. Ngati mukugula, musadalire pakamwa pa wogulitsa, tsegulani pakamwa pa ng'ombe.

Ng'ombe ili ndi mano 8 akutsogolo pansagwada yam'munsi yokha, kumwamba kulibe. Mano aubwana ndi aang'ono, oyera, opyapyala kutsinde. Akamagweruka, m'malo mwake mumamera aakulu, otambalala, ndipo amabwera awiriawiri kuyambira pakati. Awiri oyamba amatuluka ng'ombe ili pakati pa miyezi 18 ndi zaka 2, awiri otsatira cha m'ma zaka 2 ndi theka, ena awiri ikadutsa zaka 3, ndipo onse 8 amakwanira ili ndi zaka pafupifupi 4 kapena kuposerapo. Ng'ombe zamalinunda, monga zathu zachikuda ndi ma Brahman, zimachedwerako pang'ono, ndipo njala imachedwetsanso mano. Muuze mnzanu agwire ng'ombe pamphuno ndi panyanga, inu mutsitse mlomo wam'munsi n'kuwerenga mano aakuluwo.

Chachiwiri: ndi msoti, mtheno kapena nkhunzi, nanga ndi ya mtundu wanji?

Pa ng'ombe za mtundu umodzi, msoti ndiwo umayamba kunenepa, kenako mtheno, nkhunzi n'kukhala yomaliza. Choncho musayerekeze msoti ndi mtheno n'kunena kuti mthenowo ndi wochedwa. Yerekezani misoti yokhayokha, mitheno yokhayokha. Dziwaninso kuti ng'ombe yothenedwa ikadali yaing'ono imatalika miyendo kuposa nkhunzi ya msinkhu wake, chifukwa mphamvu zachimuna ndi zimene zimaletsa mafupa aatali kupitiriza kukula.

Mtundu umakupatsani poyambira. Angus ya ku Scotland ndi Hereford ya ku England ndi zokhwima msanga. Charolais ndi Limousin za ku France, komanso Simmental yochokera ku Switzerland, ndi zazikulu thupi ndi zochedwa. Ana aamuna a ng'ombe zamkaka za Friesian, amene amapezeka motchipa kwa alimi a mkaka ku Thyolo, Chiradzulu ndi madera ena, nawo ndi ochedwa kwambiri, ndipo anthu ambiri amapusitsidwa ndi kutalika kwawo. Ng'ombe zakuno ku Africa za thupi laling'ono, monga zachikuda za Malawi Zebu, Angoni ya kum'mawa kwa Zambia, Mashona ya ku Zimbabwe ndi Nguni ya ku South Africa, zimamaliza kukula zili zopepuka, ndipo zikapeza chakudya chabwino sizivuta kudzaza. Brahman ndi ana ake, amene ali ambiri ku Chikwawa ndi Nsanje, ndi zazikulupo ndipo zimafuna nthawi yotalikirapo.

Komabe ng'ombe zambiri za pamsika n'zosakanizika, ndipo mu mtundu umodzi momwemo mumakhala zofulumira ndi zochedwa. Dzina la mtundu lisakutsekeni maso.

Chachitatu: imani patali, muione cham'mbali

Apa ndi pamene pali nkhani yaikulu, ndipo musafulumirepo. Imikani ng'ombe pamalo osalala, miyendo yonse inayi itaponda bwino, mutu uli mmene imaunyamulira yokha. Inu mubwerere m'mbuyo mapazi 8 kapena 10. Mukaima pafupi mumangoona kukula kwake basi.

Yerekezani zinthu ziwiri. China ndi kuya kwa thupi, kuchokera pamsana kumbuyo kwa mapewa kufika pansi pa chifuwa. China ndi mpata wa pansi pa mimba, kuchokera pachifuwapo kufika pansi pamene yaponda. Ng'ombe yokhwima msanga imakhala ndi thupi lakuya ndi mpata wochepa, imaoneka ngati yayandikira nthaka. Yochedwa imakhala ndi mpata waukulu, moti mumaona bwinobwino mbuzi imene ikudutsa tsidya linalo. Ngati pa ng'ombe ya chaka ndi theka mpatawo ukuposa kuya kwa thupi, ng'ombeyo ikadali ndi ulendo wautali.

Kenako tsatirani mzere wa kunsi kwa mimba kuchokera pachidale kupita kumiyendo yakumbuyo. Pa ng'ombe yokhwima msanga mzerewu umayenda pafupifupi mowongoka, chifukwa khungu la pakati pa mimba ndi mwendo wakumbuyo latsika ndipo ladzaza. Pa yochedwa mzerewu umakwera m'mwamba ukamayandikira kumbuyo, mimba n'kuoneka yomangika. Onaninso khosi ndi mapewa. Khosi lalifupi lolowa m'mapewa mosaonetsa polumikizira ndi chizindikiro cha yofulumira. Khosi lalitali, mapewa otulukira ndi mafupa a m'chiuno osongoka ndi zizindikiro za yochedwa.

Pa ng'ombe zamalinunda samalani. Khungu lolendewera pansi pa khosi ndi pamchombo limachititsa Brahman kuoneka yakuya thupi kuposa mmene ilili. Chotsani khungulo m'maganizo mwanu, muyang'ane pamene pathera fupa la pachifuwa. Samalaninso ndi mimba yodzaza udzu ndi madzi. Wogulitsa wochenjera amamwetsa ng'ombe asanaibweretse pamsika. Kuya kumene tikufuna ndi kwa chifuwa, kumbuyo kwenikweni kwa miyendo yakutsogolo, osati kwa chimimba.

Chachinayi: fupa la mang'ina ndi nkhope

Fupa la pakati pa bondo lakutsogolo ndi chiboda, lija timadya ngati mang'ina, ndi mboni yokhulupirika kwambiri. Limakula msanga, limasiyanso msanga, ndipo silivala mnofu kapena mafuta oti n'kukunamizani. Kaya ng'ombe yaonda kaya yanenepa, fupali limaoneka chimodzimodzi. Likakhala lalifupi poyerekeza ndi la zinzake za msinkhu umodzi, ng'ombeyo idzakhala yaing'ono thupi ndipo idzanenepa msanga. Likakhala lalitali, ikupita kutali. Ubwino wake ndi wakuti mukhoza kuliona ngakhale pa mwana wa miyezi 6, pamene zizindikiro zina zisanaoneke. Ine ndikapatsidwa mphindi imodzi yokha yoti ndisankhe ng'ombe yonenepetsa, ndingayang'ane mano ndi fupa limeneli.

Nkhope imanena zofanana. Yaifupi ndi yotambalala pachipumi imayenda ndi kukhwima msanga, yaitali ndi yopyapyala imayenda ndi kuchedwa. Koma izi zimagwira ntchito poyerekeza ng'ombe za mtundu umodzi. Ng'ombe zamalinunda mwachibadwa zili ndi nkhope yaitali kuposa Angus.

Chachisanu: yezani kutalika kwake pachiuno

Maso amanama, tepi sinama. Pezani nsungwi yowongoka ndi kathabwa. Imikani nsungwiyo chilili pambali pa ng'ombe, moyang'anizana ndi mafupa a m'chiuno, gonekani kathabwako pamsana mosapendekeka, lembani pamene kakhudza nsungwi, kenako yezani ndi tepi. Timayeza pachiuno osati pamapewa chifukwa linunda limasokoneza.

Ku America, bungwe la Beef Improvement Federation limagwiritsa ntchito muyeso umenewu popatsa ng'ombe nambala kuyambira 1 mpaka 9. Nkhunzi ya miyezi 12 yotalika masentimita 104 imakhala pa 1, ya 114 pa 3, ya 124 pa 5, ndipo ya 135 pa 7. Nambala iliyonse imasiyana ndi inzake ndi masentimita pafupifupi 5, ndipo pa msoti wa msinkhu womwewo mumachotsa masentimita 5 pa nambala iliyonse. Za pa 1 mpaka 3 ndi zazing'ono zokhwima msanga, za pa 4 mpaka 6 ndi zapakatikati, za pa 7 kupita m'mwamba ndi zazikulu zochedwa.

Manambala amenewa anapangidwira ng'ombe za kumeneko zodya mokwanira chaka chonse. Amathandiza amene akugula nkhunzi ya mtundu kufamu yosunga kaundula wa ziweto zake. Pa ng'ombe zachikuda zokulira kudambo musawatenge ngati lamulo. Chimene chingakuthandizeni kwambiri ndi kuyeza ng'ombe zanu za chaka chimodzi, kulemba m'kope, n'kudzayezanso pakatha miyezi 3. Imene ikukwerabe kwambiri ikadali pa gawo la mafupa. Imene yangowonjezera pang'ono koma ikutambalala ndi kulemera, yayamba kukhwima.

Chachisanu ndi chimodzi: igwireni ndi manja

Mafuta nawo ali ndi dongosolo lake. Amayamba m'kati mozungulira impso, kumene simungaone. Kenako amalowa pakati pa minofu, n'kubwera pansi pa khungu, ndipo omalizira ndi timafuta ta m'kati mwa mnofu timene timakometsa nyama. Amene mungawamve ndi dzanja ndi a pansi pa khungu.

Lowetsani ng'ombe mumpanda wopanikizira, ngati uja wa kudibi, kapena imangeni bwino pamtengo, ndipo muime pambali pomwe singakumenyeni ndi mwendo. Yambani ndi nthiti ziwiri zomalizira. Ng'ombe ili ndi nthiti 13 mbali iliyonse, ndipo pa zomalizirazi palibe mnofu wambiri, choncho chofewa chimene mukumva pakati pa khungu ndi fupa ndi mafuta. Yendetsani zala motsindika. Ngati zala zikugwera m'mipata ya nthiti, mafuta sanayambe. Ngati mukuchita kukanikiza kuti mumve fupa, afika. Pitani pa timafupa tam'mbali mwa msana, pakati pa nthiti yomaliza ndi chiuno, mumve ngati tili takuthwa kapena taphimbika. Kenako tsinani patsinde pa mchira mbali zonse ziwiri. Pa ng'ombe yosanenepa pamakhala maenje awiri, pa yonenepa pamakhala totupa tofewa todzaza m'dzanja. Malizani ndi chidale, ndipo pa mtheno gwiraninso kathumba kotsala pothena, kamene kamadzaza mafuta ng'ombe ikatsala pang'ono kupsa, ndiye kuti kunenepa mokwanira kuti igulitsidwe.

Tsopano phatikizani ndi zaka zija. Mtheno wopanda dzino lalikulu ngakhale limodzi koma wayamba kale kufewa patsinde pa mchira ndi wokhwima msanga. Mtheno wa mano aakulu awiri kapena anayi, wodya bwino, wathanzi, koma wouma m'malo onsewa, ndi wochedwa.

Chachisanu ndi chiwiri: siyanitsani mnofu ndi mafuta

Imani kumbuyo kwa ng'ombe, patali ndithu. Ya mnofu wambiri imatambalala kwambiri pakati pa ntchafu, ndipo miyendo yakumbuyo imaponda motalikirana. Ya mafuta ambiri koma mnofu wochepa imatambalala pamwamba, pamsana, n'kumachepa kutsika m'munsi, miyendo ili pafupipafupi. Iyendetseni. Mnofu umaoneka ukugwira ntchito pansi pa khungu, mafuta amangogwedera. Onaninso mwendo wakutsogolo pamwamba pa bondo, pamene sipakhala mafuta ambiri. Pakakhala potupa bwino, ng'ombeyo ili ndi nyama thupi lonse. Kukhwima msanga pakokha sikokwanira. Ng'ombe yaing'ono yopanda mnofu imangokupatsani mafuta ndi mafupa.

Chachisanu ndi chitatu: chenjerani ndi ng'ombe yopinimbira

Pano ndi pamene ogula ambiri amataya ndalama. Kuno kwathu ng'ombe imakula nthawi ya dzinja, n'kuima kapena kubwerera m'mbuyo kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa. Onjezani nkhupakupa, njoka zam'mimba, ndi kukama mayi wake mpaka mwana kutsala wopanda mkaka. Ng'ombe yotere imakhala yaifupi, ndipo munthu wongomva kuti yaifupi ndiyo yonenepa msanga amaigula mosangalala.

Yopinimbira imadziwika. Mutu umaoneka waukulu kuposa thupi, nyanga n'zazitali pa kang'ombe kakang'ono, mchira umafika pansi kwambiri, ubweya ndi woyangalala wosawala, chifuwa n'chopapatiza, ntchafu zaphwa, koma mimba ili nenge. Mukatsegula pakamwa mumapeza mano aakulu 4 kapena 6. Yokhwima msanga yeniyeni imakhala yolingana ziwalo zonse, yotambalala, ya ubweya wosalala.

Siyanitsaninso yopinimbira ndi yongoonda. Ng'ombe imene inakula bwino ili mwana, mafupa ake ndi okwanira, koma yaonda ndi chilimwe chimodzi, ndi yabwino kugula. Ikapatsidwa mankhwala a njoka ndi chakudya chokwanira imalemera mofulumira kwambiri pobweza zimene inataya. Koma imene inavutika kuyambira ikuyamwa kawirikawiri siifikanso pa msinkhu umene ikanafika.

Chachisanu ndi chinayi: gwirizanitsani ng'ombe ndi nkhokwe yanu

Ngati chakudya chanu ndi madeya, mapesi a chimanga ndi masamba a mtedza, ndipo chikukwanira miyezi 4 kapena 5 yokha, gulani yokhwima msanga kapena yapakatikati imene mafupa ake atsala pang'ono kumaliza kukula. Yochedwa idzadya zonsezo n'kukula ndithu, koma chakudya chidzatha isanavale mafuta, ndipo wabutchala adzaigula ngati ng'ombe wamba. Yochedwa ndi ya munthu amene ali ndi chakudya champhamvu chosadukiza komanso msika wogula pa sikelo. Kwa iye ndi yopindulitsa, chifukwa imapanga mnofu kwa nthawi yaitali.

Chifukwa chake n'chosavuta. Pafupifupi magawo atatu mwa anayi a mnofu ndi madzi, pamene mafuta ali ndi madzi ochepa kwambiri. Kilogalamu imodzi ya mafuta imadya chakudya chambiri kuposa kilogalamu imodzi ya mnofu. Choncho yokhwima msanga ili ndi msampha wakenso: ikapsa, tsiku lililonse limene mukuisungabe mukugula mafuta okwera mtengo amene ogula nyama adzawakana pa sikelo. Nthiti zikaphimbika, patsinde pa mchira pakadzaza, chidale chikalemera, igulitseni, ngakhale madeya atatsala.

Msika wa ku South Africa umaonetsa bwino kufunika kwa zimenezi, ndipo abale athu ogwira ntchito m'mafamu ndi m'mabutchala kumeneko amazidziwa. Nyama imaikidwa m'magulu potengera mano: A ndi ya ng'ombe yopanda dzino lalikulu, AB ya dzino 1 kapena 2, B ya mano 3 mpaka 6, ndipo C ya oposa 6. Mafuta amapatsidwa nambala kuyambira 0 mpaka 6. Mtengo wabwino umapita ku nyama ya gulu A ya mafuta apakatikati, cha pa 2 ndi 3. Ng'ombe yochedwa yodyera kudambo imatulutsa mano isananenepe, n'kutsika gulu.

Chomaliza: posankha zosunga kuti zibereke

Ng'ombe imadya chakudya chouma cholemera pafupifupi makilogalamu 2 ndi theka pa makilogalamu 100 alionse a thupi lake patsiku. Yaikazi ya makilogalamu 500 ikufuna oposa 12, ya 300 ikufuna osakwana 8. Mu Okutobala, dambo litauma, yaikuluyo ndi imene imayamba kuonda, ndipo ng'ombe yoonda imachedwa kutenganso bere. Kumene msipu ndi wochepa, yaikazi yaing'ono kapena yapakatikati, yakuya thupi, ndi imene imakupatsani mwana chaka ndi chaka. Msoti umayenera kukweredwa ukafika pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kulemera kumene udzakhale nako ukakula, ndipo wokhwima msanga umafikapo mofulumira. Ma Brahman amachedwerako kutha msinkhu ngakhale thupi likuoneka lokwanira, choncho musawafulumizitse.

Pulofesa Jan Bonsma wa ku South Africa, amene anapanga mtundu wa Bonsmara pa malo ofufuzira a Mara posakaniza Afrikaner ndi Hereford ndi Shorthorn, ankaphunzitsa alimi kuwerenga kubereka kwa ng'ombe pathupi lake. Mfundo yake imodzi ndi yofunika pano. Ng'ombe imene yatalika miyendo kuposa zinzake zonse za mtundu ndi msinkhu wake nthawi zambiri ndi imene yachedwa kutha msinkhu, chifukwa mafupa aatali amaleka kukula mphamvu zobereka zikayamba kugwira ntchito. Msoti wamtali, wa khosi lokhuthala ndi mapewa olemera ngati mtheno, ukaikireni. Nkhunzi yaitali miyendo, yopyapyala khosi, ya nkhope ngati yaikazi, musaisunge ngakhale itakhala yaikulu kuposa zonse m'khola. Nkhunzi yabwino ikamafika zaka 2 imakhala itakhuthala khosi, mnofu ukuoneka, ndipo mbewu zake ndi zazikulu, zofanana, zolendewera bwino.

Mukafuna kukweza ng'ombe zanu zachikuda ndi nkhunzi ya mtundu waukulu, yambani ndi zazikazi zimene zinaberekapo kale, zotambalala m'chiuno. Misoti yobereka koyamba ipatseni nkhunzi yaing'ono thupi, ya mapewa osalala, chifukwa nkhunzi ya mafupa aakulu imabereketsa mwana wamkulu amene angakanirire pobadwa. Ngati nkhunziyo ikuchokera kufamu yolemba kaundula, funsani kulemera kwake pobadwa ndi kwa ana ake, ndipo pitani ndi mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu kuti akaione musanapereke ndalama.